Kukwera ndege ndi rebreather kuchokera ku Harare

Achimwene ena okhala ku Mufakose andilembera imelo. Amalowa pansi pa madzi ku Chinhoyi Caves ndi rebreather, makina aja amene amasefa mpweya womwe munthu watulutsa n'kumubwezeranso. Tsopano akufuna kupita nawo kumudzi, akalowe m'nyanja ku Cape Maclear. Akufunsa ngati a ndege angawalole.

Akulolani, achimwene. Makinawo savuta. Chimene chimaimitsa anthu pabwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe ndi masilinda, soda lime ndi mabatire.

Masilinda muwaphwetse mpweya wonse, mumasule valavu n'kuichotseratu kuti wofufuza katundu asuzumire m'kati. Pakamwa pa silinda ya oxygen muphimbe ndi kapulasitiki koyera bwino, musagwirepo ndi manja amafuta, chifukwa kamafuta kochepa kakakumana ndi oxygen wothinikizidwa kangabutse moto. Ngati komwe mukupita ali ndi masilinda a malita 2 kapena 3 okwana pamakina anu, anuwo atsale kunyumba.

Soda lime, mankhwala amene amayamwa carbon dioxide mu mpweya womwe mwatulutsa, ndiye amadzetsa mafunso. Ndi timibulu toyera mbuu, ndipo wachitetezo amene sanationepo sangalephere kukayika. Lamulo lake ndi ili: soda lime wokhala ndi sodium hydroxide woposa 4 peresenti amawerengedwa ngati katundu woopsa, pa nambala UN1907. Sofnolime, mtundu wa soda lime umene ambiri timagwiritsa ntchito, safika pamenepo. Koma pakamwa pokha sadzakukhulupirirani. Musindikize safety data sheet, pepala la opanga lofotokoza zomwe zili m'mankhwalawo, mulembere kampani ya ndege masiku akadalipo, yankho lawo mulisunge papepala. Chigubu cha soda lime chikhale chosatsegula, kanisita ya makina yomwe mumathiramo soda limeyo ikhale yopanda kanthu ndi youma. Chigubu cha makilo 20 chidzadya pafupifupi katundu yense wa makilo 23, ndiye mutenge zazing'ono za makilo 4.5.

Mutu wa makina, masensa a oxygen ndi kompyuta zikhale m'chikwama cha m'manja. Mabatire a lithium apadera nawonso m'manja, osati pansi pa ndege: osapitirira 100 Wh (muyeso wa mphamvu ya batire) amaloledwa, ofika 160 Wh amafuna chilolezo.

Musanagule tikiti, muimbe foni kunyanjako mufunse ngati angakupopereni oxygen. Popanda iye mwangonyamula katundu wa chabe.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi pobwerera. Bungwe la DAN, loona za chitetezo cha olowa pansi pa madzi, limalangiza kuti musanakwere ndege mudikire maola osachepera 12 mukalowa kamodzi, 18 mukalowa kangapo kapena masiku otsatizana, ndi ochuluka ndithu kuposa 18 ngati munachita decompression, kuimaima pokwera kuchoka pansi pa madzi kuti nitrogen atuluke m'thupi. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja ya mchere, pomwe msewu wochoka ku Golomoti umakwera mapiri a Dedza kupitirira mamita 1,500. Nitrogen wotsala m'thupi, amene angakudwalitseni mukakwera pamwamba msanga, sasankha kuti mwakwera ndi ndege kapena minibasi. Choncho maolawo muwamalizire kunyanja komweko, galimoto yopita ku Lilongwe muikwere atakwana.