Kodi nthano za chilengedwe zimakoperana?

Achimwene, mwafunsa ngati nthano za mitundu yosiyanasiyana zonena za chiyambi cha dziko zimafanana chifukwa chokoperana. Ine ndikuona kuti zina zokha.

Tiyambe ndi dothi. Ku Egypt ankati mulungu Khnum amaumba anthu ngati mbiya, ku China amati mulungu wamkazi Nüwa anawaumba ndi dothi lachikasu, pomwe ku Mesopotamia dothilo analisakaniza ndi magazi a mulungu wophedwa. Apa sipafunika kukoperana. Aliyense woona mayi akuumba mphika, n'kuonanso mtembo ukubwerera kudothi, angaganize chimodzimodzi.

Imene imandikhudza mtima ndi ya Mlengi wochoka. Ife Achewa timati Chauta anatsika ndi anthu ndi nyama pa Kaphirintiwa, nakhala nawo mwamtendere mpaka tsiku limene munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zinathawa, Chauta nakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Alozi a ku Zambia amati Nyambe anatopa ndi Kamunu, munthu wosaleka kupha nyama, nayenso anakwera pa ulusi wa kangaude. Aakan a ku Ghana amati Nyame anasunthira kutali chifukwa mayi wina ankangomugunda ndi munsi posinja. M'nthano zitatu zonsezi wolakwa ndi munthu, ndipo n'chifukwa chake sindiziona ngati zongocheza nazo ana.

Kubwerekana kwenikweni ndikukuona pa birimankhwe wochedwa ndi uthenga wa moyo, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga wa imfa. Azulu nawonso ali nayo, amati anawatuma ndi Mlengi wawo Unkulunkulu. Imeneyi ndikukhulupirira kuti inayenda ndi makolo posamuka.