Funsani Tikuyankheni: Kulandira Anthu Othawa Madzi Osefukira

Funso: Ndine nyakwawa m'dera lina la kumtunda ku Nsanje. Akhonsolo atipempha malo oti pakhale mabanja amene nyumba zawo zinapita ndi madzi a mtsinje wa Ruo. Mtima wothandiza tili nawo, koma anthu anga akuopa kulandidwa minda. Tiyambire pati?

Yankho: Zikomo mfumu. Mantha a anthu anuwo ndi omveka, ndipo ndi pomwe muyenera kuyambira. Malo ooneka ngati tchire nthawi zambiri amakhala ndi mwini wake: tsala la banja lina, podyetsera ziweto kapena potola nkhuni. Musanalonjeze chilichonse, yendani nawo malowo eni ake, gulupu wanu, nthumwi za obwerawo ndi ogwira ntchito za malo ku ofesi ya bwanamkubwa. Malire aikidwe anthu akuona, ndipo mgwirizano ulembedwe ndi kusainidwa, mfumu yaikulu ikuchitira umboni. Wotaya munda alandire chipukutamisozi chake anthu asanayambe kumanga. Chikachedwa, mkwiyo umagwera obwerawo, amene sanalakwe kanthu.

Akatswiri aonenso malowo. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasiya anthu oposa 650,000 opanda pokhala, ndipo ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe chimene chinapha anthu ambiri ndi matope ndi miyala yochokera m'mapiri. Choncho kumtunda sikuti konse n'kotetezeka. Pewani m'tsinde mwa phiri lopanda mitengo ndi m'njira zakale za madzi.

Mjigo ndi zimbudzi zikhalepo anthu asanafike. Muyezo umene mabungwe othandiza amatsata ndi malita osachepera 15 pa munthu patsiku, potunga madzi osapitirira mamita 500 kuchokera pakhomo, chimbudzi chimodzi kwa anthu osapitirira 20, ndipo chikumbidwe mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime. Mukangowonjezera mabanja pa mjigo wanu wakale, amayi ayamba kukangana pamzere, pampu iwonongeka msanga, ena abwerera ku madzi a m'khwawa, kolera n'kulowa. Pemphani kuti mjigo watsopano, zipinda za sukulu ndi mankhwala a kuchipatala zithandize mbali zonse ziwiri. Mudzi wanunso uli ndi osauka ake, ndipo akamaona ufa ndi malata zikungowadutsa, chidani sichichedwa.

Funso: N'chifukwa chiyani anthu ena akasamutsidwa amabwereranso kumadzi komwe anatsala pang'ono kufera? Si kusamva kumeneku?

Yankho: Ayi, si kusamva, ndi njala. M'chigwa cha Shire madzi akaphwa amasiya nthaka yachonde ndi chinyontho, anthu n'kudzala chimanga, nyemba ndi mbatata m'madimba popanda feteleza, kwinaku akupha nsomba m'dambo la Elephant Marsh. Kumtunda kumene amapatsidwa n'kouma, kwamiyala, ndipo kawirikawiri ndi poti amangepo nyumba basi. Chakudya cha thandizo chikatha, bambo amatsikira kudimba, amamanga kachisakasa kolindira mbewu, kenako banja lonse limamutsatira.

Chimene chimathandiza n'kulola banja kusunga dimba lake, koma nyumba, nkhokwe, ziweto ndi ana asukulu zikhale kumtunda, pamtunda woti munthu angapite kukalima n'kubwerako tsiku lomwelo. Kukakhala kutali, pafunika munda wina, mbewu zopirira chilala monga mapira ndi mchewere, ndi chakudya mpaka kukolola koyamba. Kusamuka kuchitike m'chilimwe kuti njerwa ziume ndipo munda ukonzeke mvula isanagwe.

Funso: Nanga ufumu ndi manda zimayenda bwanji?

Yankho: Izi zikambidwe poyera pachiyambi pomwe. Mfumu yosamuka ndi anthu ake imaopa kusanduka munthu wamba m'dera la mnzake, ndipo ikakayika, anthu ake sasuntha. Mfumu yaikulu inene momveka amene aziweruza milandu ya obwerawo, ndipo muwapatse malo a manda awoawo kapena muwalole kuika maliro kumanda anu. Zonsezi zilowe mu mgwirizano womwe uja, ndipo kalata yake imodzi ikasungidwe ku khonsolo.