Kodi triumph ndi victory n'chimodzimodzi?

Mphunzitsi wina wanditumizira imelo kufunsa komwe mawu achingerezi akuti triumph anachokera, komanso kusiyana kwake ndi victory, poti onsewa timangoti chipambano.

Aphunzitsi, victory alibe nkhani yaitali. Ndi mawu a Chilatini akuti victoria, ochokera ku vincere, kutanthauza kugonjetsa, ndipo analowa m'Chingerezi kudzera m'Chifulenchi. Dzina la Mfumukazi Victoria ndi lomwelo.

Nkhani yatsindika pa triumph. Kwa Aroma, triumphus unali mwambo wolandira mkulu wa asilikali pobwera ku nkhondo yomwe wapambana, ndipo sunkachitikira aliyense. Nyumba ya malamulo ya Senate inkayamba yavomereza. Mkuluyo ankalowa mu Rome atakwera galeta lokokedwa ndi akavalo 4, ulendo wa ku kachisi wa mulungu wawo Jupiter pa phiri la Capitoline kukapereka nsembe. Kutsogolo kunkadutsa chuma cholanda ndi akaidi a m'maunyolo, kumbuyo asilikali akufuula "io triumphe", kwinaku akuimba nyimbo zomunyogodola bwana wawo yemweyo. Tsiku limenelo ankaloledwa.

Kwa ogonja linali tsiku loopsa. Vercingetorix, mtsogoleri wa anthu a ku Gaul (dera lomwe mbali yake yaikulu lero ndi France), anagonja kwa Julius Caesar mu 52 BC, n'kusungidwa m'ndende mpaka 46 BC kuti adzamuonetse pa mwambowu. Atatha kumuonetsa anamupha. Mu 71 AD mfumu ya Aroma Vespasian ndi mwana wake Titus anachita mwambo wawo atawononga Yerusalemu, ndipo choikapo nyale cha m'kachisi wa ku Yerusalemu chikuonekabe chojambulidwa pa chipata cha Titus ku Rome. Owerenga Baibulo chithunzi cha triumphus mwakumana nacho kale, chifukwa Akolose 2:15 amagwiritsa ntchito mawu a Chigiriki onena za mwambo umenewu.

Yemwe kupambana kwake kunali kochepa ankalandira ovatio, n'kulowa mumzinda wapansi. Ndiko kunachokera ovation, kuwomba m'manja kwa khamu.

M'Chingerezi triumph anafika m'zaka za m'ma 1300. N'chifukwa chake ine ndimati ana auzidwe kuti victory ndi kupambana kulikonse, ngakhale kwa chigoli chimodzi pa masewero a paubale, pamene triumph amayenera kupambana kwakukulu kobwera pambuyo pa mavuto, kochititsa anthu kutuluka m'nyumba kukakhamukira kumsewu. Olemba nkhani zamasewero amangowamwaza paliponse, koma ana anu asatengere zimenezo polemba mayeso.