Amuna ojintcha apamzere aja, ndi nkhani ya Reggie White

Achimwene, mwafunsa kuti amuna onenepa aja amene amangogundana pakati pa bwalo mu mpira wa ku America amagwira ntchito yanji, ndiponso ngati alipo mmodzi mwa iwo amene anatchukapo. Mwawonjezeranso kuti mwina amangowaika pamenepo chifukwa sangathe kuthamanga. Apo ndiye mwandiputa dala, ndiye kokani mpando.

Inenso poyamba ndinkaganiza ngati inu. Vuto ndi kamera. Imangotsata mpira, ndiye maso amathera pa quarterback, woponya uja, ndi anyamata aliwiro amene amawakha. Nkhondo yeniyeni imachitika pamene kamera yachoka kale.

Mwachidule zimakhala chonchi. Timu iliyonse imakhala ndi anthu 11 m'bwalo. Imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mayadi 10, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Kutsogolo kwa quarterback kumaima amuna asanu omutchinjiriza. Moyang'anizana nawo, chipumi kwa chipumi, kumawerama amuna atatu kapena anayi a timu inayo, dzanja lili pansi. Amenewo ndiwo mukuwafunsa, ma defensive lineman. Ntchito yawo ndi kutseka mipata kuti wothamanga ndi mpira asadutse, komanso kuboola mpanda wa anthu asanu uja n'kukagwetsa quarterback mpira ukadali m'manja. Kumugwetsa kotero amati sack. Nthawi yochitira zimenezi ndi masekondi awiri kapena atatu basi, ndipo amene akukutchingayo ndi wolemera ngati iwe kapena kuposa. Munthu wongonenepa chabe sangakhalitse pamenepo ngakhale sabata imodzi.

Tsono za wotchuka. Alipo ambiri, koma ine ndikuuzani za Reggie White, chifukwa kwa ine palibe amene anafika pamene iye anafika.

Anabadwa pa 19 December 1961 ku Chattanooga, m'chigawo cha Tennessee. Ali ndi zaka 17 anadzozedwa kukhala mlaliki wa mpingo wa Baptist, ndipo ku University of Tennessee, kumene ankasewera, anamupatsa dzina loti Minister of Defense. Dzinali ndi nthabwala yokoma, chifukwa pa Chingerezi mawu oti minister amatanthauza nduna komanso m'busa. Anali nduna ya chitetezo Loweruka, m'busa Lamulungu. Anali wamtali pafupifupi mamita awiri, wolemera makilogalamu oposa 130, koma akayamba kuthamanga anthu ankagwira pakamwa. Amene anasewera naye amati sankatukwana m'bwalo, ndipo m'masewera amenewa chimenecho ndi chozizwitsa pachokha.

Sanayambire mu NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America. Zaka ziwiri zoyamba anasewera mu ligi ina yotchedwa USFL, mu timu ya Memphis Showboats, ligi imene sinakhalitse. Mu 1985 analowa Philadelphia Eagles, ndipo kumeneko ndi kumene anawopseza dziko. Tengani chaka cha 1987. Osewera ananyanyala ntchito pakati pa sizoni, moti White anasewera magemu 12 okha. M'magemu 12 amenewo anapanga ma sack 21. Wosewera amene wapanga 10 pa sizoni yathunthu amaonedwa ngati katswiri, ndiye werengani nokha. Pamene ankachoka ku Eagles anali ndi ma sack 124 m'magemu 121, kutanthauza kuti ma sack anachuluka kuposa magemu.

Chida chake chachikulu ankachitcha hump move. Amanyamuka ngati akufuna kuzungulira mdani wake cha kunja. Mdaniyo, poopa kupitiridwa, amasunthira thupi lonse mbali imeneyo. Pa kamphindi kamene kulemera kwake konse kali pa mwendo umodzi, White amalowetsa mkono pansi pa khwapa lake n'kumukankhira komwe akupita kale kuja. Munthu wa makilogalamu 140 amauluka ngati thumba la madeya. Anthu amaona mphamvu, koma chinsinsi chake ndi kudziwa nthawi. Ukafulumira pang'ono munthu uja akadali chiimire, ukachedwa pang'ono wabwerera kale. Amene munagwetsanapo pamchenga muli ana mukudziwa kuti wogwetsa mnzake si wamphamvu nthawi zonse, ndi amene wamva pamene mnzake wapendekera.

Ku Eagles, pansi pa mphunzitsi Buddy Ryan, anali ndi anzake oopsa pamzere womwewo, Clyde Simmons ndi Jerome Brown. Koma chikho sanachione. Mu June 1992 Brown anafa pa ngozi ya galimoto ku Florida. White anamva uthengawo atatsala pang'ono kulankhula pa msonkhano wa chitsitsimutso wa Billy Graham mu Veterans Stadium, bwalo lomwelo limene ankasewera limodzi, ndipo ndi iye amene anauza khamu lija za imfayo, akulira.

Chimene chimandichititsa kumuika pamwamba pa ena onse sichinachitikire m'bwalo ayi, chinachitikira kukhoti. Kale mu NFL kontrakiti ikatha, wosewera wabwino sankatha kungopita ku timu imene wafuna, eni matimu anali ndi malamulo omumangirira. Osewera anakasuma, ndipo mlandu umene unathetsa nkhaniyi mu 1993 unali ndi dzina la White patsogolo. Inu otsatira mpira wamiyendo mukukumbukira chigamulo cha Bosman cha 1995 ku Ulaya, chimene chinalola wosewera kupita kumene wafuna kontrakiti ikatha. Ichi chinali chofanana nacho, kungoti chinabwera zaka ziwiri m'mbuyo mwake. Ndipo munthu woyamba wamkulu kwambiri kuyesa ufulu watsopanowo anali White yemweyo.

Matimu anamuthamangira ngati ntchentche pa chilonda. Iye ankauza atolankhani kuti apita kumene Mulungu amutume. Mphunzitsi wa Green Bay Packers, Mike Holmgren, atamva zimenezo anamuimbira foni n'kusiya uthenga wonamizira kuti ndi Mulungu amene akulankhula, ndipo akumuuza kuti apite ku Green Bay. Anapitadi, pa kontrakiti ya zaka zinayi ya madola 17 miliyoni. Onyoza sanachedwe kunena kuti n'zodabwitsa kuti Mulungu anasankha timu yomwe inapereka ndalama zambiri. Ine sindiwatsutsa kwenikweni, ndalama zinalipo. Koma muyenera kudziwa Green Bay inali chiyani nthawi imeneyo: katauni ka anthu pafupifupi 100,000 ku Wisconsin, kozizira koopsa, kokhala anthu akuda ochepa kwambiri, timu yosawina chikho chiyambire sizoni ya 1967. Aphunzitsi a matimu ena ankawopseza osewera aulesi kuti awatumiza ku Green Bay. White atasaina, osewera ena akuda anayamba kuona kuti kumeneko n'kopitika. Munthu mmodzi anasintha mbiri ya tauni yonse.

Malipiro ake anabwera pa 26 January 1997 ku New Orleans, pa Super Bowl XXXI, gemu yomaliza yolimbirana chikho cha NFL, Packers ikusewera ndi New England Patriots. M'chigawo chachitatu Patriots inagoletsa n'kuyandikira, mitima ya anthu a Green Bay ili m'mwamba. Desmond Howard wa Packers anawakha mpira umene Patriots inamenya poyambiranso gemu n'kuthamanga mayadi 99 mpaka kukagoletsa. Patriots itatenganso mpira kuti iyankhe, White anagwetsa quarterback wawo, Drew Bledsoe, kawiri motsatizana. Max Lane, amene anapatsidwa ntchito yomutchinga, anaponyedwa pambali ngati mwana, ndi hump move ija. Chakumapeto White anagwetsanso Bledsoe kachitatu. Gemu inatha 35 kwa 21. Brett Favre, quarterback wa Packers, ndi Howard ndi amene anatchulidwa kwambiri, koma amene anatseka chitseko ndi bambo wa zaka 35 wovala nambala 92.

Mu 1998, ali ndi zaka 37 sizoni ikamatha, anasankhidwanso kukhala wosewera wachitetezo wabwino koposa mu ligi, ulemu umene anaulandirapo mu 1987. Anapuma chaka chimodzi, n'kubwereranso mu 2000 ku Carolina Panthers, kumene zinaoneka kuti miyendo yatha. Anasiya ali ndi ma sack 198, ochuluka kuposa wina aliyense pa nthawiyo, mpaka Bruce Smith anadzamupitirira mu 2003 n'kufika 200. Musaiwale kuti 198 amenewo sakuphatikiza zaka ziwiri za ku USFL zija.

Sindikufuna kumupaka mafuta okhaokha. Mu March 1998 anaitanidwa kukalankhula ku nyumba ya malamulo ya Wisconsin. Ankayembekezera mawu ochepa olimbikitsa, iye anatenga pafupifupi ola, akugawira mtundu uliwonse wa anthu khalidwe lake, azungu chakuti, akuda chakuti, a ku Asia chakuti, n'kudzudzulanso amuna ndi akazi ogonana okhaokha. Anthu ambiri anakhumudwa, ndipo wailesi ya kanema ya CBS inabweza ntchito imene inkafuna kumupatsa. Chimene chimandigwira mtima ndi zimene anachita atasiya mpira. Anasiya kulalikira, n'kuyamba kuphunzira Chiheberi kuti aziwerenga malemba yekha. Atatsala pang'ono kumwalira anavomereza poyera kuti zambiri zimene ankati Mulungu wamuuza zinali zofuna za Reggie. Ndi alaliki angati amene mukuwadziwa amene anganene mawu amenewo pa kanema?

Anamwalira pa 26 December 2004 ku North Carolina, patangopita sabata imodzi atakwanitsa zaka 43. Madokotala anapeza kuti mtima unasokonekera kagundidwe chifukwa cha matenda a sarcoidosis, amene anagwira mtima ndi mapapo, ndipo anati vuto lobanika kutulo, lija amati sleep apnea, mwina linathandizira. Vuto limeneli limakonda anthu amatupi aakulu ndi makosi onenepa, ndiye kuti amuna apamzere omwewa. Munthu amaliza mkonono, kenako n'kusiya kupuma kwa kanthawi, n'kudzidzimuka, usiku wonse. Mkazi wake Sara anathandiza kukhazikitsa bungwe lophunzitsa anthu za matenda akutulo m'dzina lake. Mu 2006 White analowetsedwa mu Hall of Fame, nyumba yolemekezeramo akatswiri a masewerawa, ku Canton, Ohio, ndipo Sara ndi amene analankhula m'malo mwake. Nambala 92 sivalidwanso ku Eagles, ku Packers ngakhale ku Tennessee.

Mukakhala ndi bandulo, lembani dzina lake pa YouTube pamodzi ndi mawu oti hump move. Onerani kawiri. Ulendo woyamba yang'anani White, ulendo wachiwiri yang'anani mapazi a munthu amene akumutchingayo.