Kujambula m'tauni ya Mzuzu: yankho kwa wowerenga wa ku Chibavi

Wowerenga wina wa ku Chibavi, dera la mumzinda wa Mzuzu, watitumizira imelo, ndipo taifupikitsa motere: "Ndili ndi kamera ya Canon yogula kwa munthu, ya lensi ya 18-55mm, komanso foni. Ndikufuna kujambula m'tauni mwathu muno, chifukwa zithunzi za Malawi zimene ndimaona pa intaneti ndi za nyanja, phiri la Mulanje ndi Lilongwe basi. Koma ndikajambula, thambo limatuluka loyera mbee, nyumba zimaoneka ngati zikugwa chagada, ndipo amayi a mumsika amandikalipira. Ndiyambire pati?"

Achimwene, zida muli nazozo n'zokwana, musathamangire kugula zina. Mavuto atatu mwatchulawo ali ndi mankhwala ake ndipo tiwafika, koma poyamba tigwirizane chimene mukukajambula.

Mzuzu ndi wamng'ono m'zaka. Unayamba cha m'ma 1947 ndi minda ya mitengo ya tung, imene mbewu zake amayengera mafuta, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Pa kalembera wa 2008 anthu ake sanakwane 140,000, koma pa wa 2018 anaposa 220,000. Mzinda wokula chonchi umavula chovala chake chakale msanga kwambiri. Sitolo ya khonde lalitali ndi denga la malata a dzimbiri imene mukuidutsa lero, zaka zitatu zikubwerazi pakhoza kuima nyumba yosanjikizana ya magalasi, ndipo sipadzapezeka munthu wokhala ndi chithunzi cha mmene panalili. Ojambula ambiri amalakwa pofuna kuti Mzuzu uoneke ngati Johannesburg: amasankha nyumba imodzi yatsopano, n'kubisa okala, matope ndi njinga zonse. Chithunzi chotero chimatha ntchito chaka chomwecho. Chimene chidzakhale ndi mtengo n'chimene chagwira chakale ndi chatsopano pamodzi: mayi wogulitsa nthochi pansi pa milongoti ya bulugama imene amisiri akwerapo, kapena sakaramento (wa njinga ya kabaza) atanyamula munthu wa suti kutsogolo kwa nyumba ya Reserve Bank.

Ndiye sankhani malo asanu kapena asanu ndi limodzi, muwasandutse anu. Pa Clock Tower, malo awiri m'mbali mwa Orton Chirwa Avenue, polowera depoti, pakhomo pa msika wa Taifa kapena wa Zigwagwa, ndi pena pokwera chakumtunda kumene madenga a tauni amaonekera. Pa malo alionse pezani chizindikiro chosasuntha, monga ngodya ya ngalande ya simenti kapena pholo la magetsi, muzipondapo nthawi zonse. Lembani m'kabuku tsiku, ola, kumene kamera yaloza, ndi nambala ya lensi, tinene 24mm. Bwererani pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, chithunzi choyamba chija chili pa foni kuti mufananitse m'mphepete mwake. Ntchito imeneyi poyamba imaoneka yopanda pake. Mukafika chaka chachitatu n'kuika zithunzi zisanu ndi chimodzi pamzere, mudzaona mtengo utadulidwa, msewu utakula, chikwangwani cholembedwa ndi penti pamanja chitalowedwa m'malo ndi chapulasitiki. Ndimakonda kwambiri zikwangwani za pamanja zija, za ometa ndi okonza mafoni. Zijambuleni chapafupi, molunjika, chifukwa n'zimene zikutha msanga kuposa china chilichonse.

Tsopano thambo loyera lija. Kamera siona ngati diso. Ikayeza kuwala pa khonde la mdima kapena pa nkhope ya munthu, imatsegula kwambiri, ndipo thambo limapsa n'kutsala pepala. Chopsa sichibwerera ngakhale pa kompyuta, pamene chamdima chimatheka kuchiwalitsa. Choncho tetezani kowala. Ikani kamera pa Av (pamene inu mumasankha aperture, kamera n'kusankha shutter), aperture (kukula kwa bowo lolowetsa kuwala) pa f/8, ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) pa 200, kenako dinani batani la chizindikiro cha +/- mutsitse kufika pa -2/3. Yatsani chenjezo limene limathwanimitsa malo opsa pa sikirini. Thambo likamathwanima, tsitsaninso. Jambulani mu RAW (mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona) ngati khadi lanu lili ndi malo, chifukwa mithunzi ya RAW imakwezeka bwino kuposa ya JPEG. Pa foni n'chimodzimodzi: gwirani chala pa sikirini pamalo owala, kadzuwa kakatuluka mukakokere pansi pang'ono.

Koma mankhwala enieni ndi nthawi. Mzuzu uli pafupifupi madigiri 11 ndi theka kummwera kwa ikweta, ndiye chakumapeto kwa Okutobala ndi kwa Febuluwale dzuwa la masana limaima paliwombo penipeni. Maso a anthu amalowa mumdima, makoma onse amakhala opanda mthunzi wowapatsa thupi, ndipo malata amathobwa. Kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko pa miyezi imeneyi, lowani pansi pa khonde mujambule za m'kati, kapena imani mumthunzi muloze kunja kuti odutsa atuluke ngati zithunzithunzi zakuda pa msewu wowala. Mu Juni ndi Julayi zinthu zimasintha: dzuwa limadzera kumpoto, masana limangokwera kufika madigiri pafupifupi 55 mpaka 60, ndiye makoma oyang'ana kumpoto amawala tsiku lonse pomwe oyang'ana kummwera amakhala mumthunzi. Tsegulani kampasi ya pa foni, muone kumene nyumba imene mukuifunayo yayang'ana, musanadzuke usiku n'kukapeza nkhope yake ili mumdima.

Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa cha m'ma 5:30. Mu Disembala limatuluka 5:20 isanapitirire kwenikweni n'kulowa itangodutsa 6 koloko. Kuwala kokoma ndi kwa ola loyamba ndi ola lomaliza. M'mawa muli phindu lina: osesa ali pantchito, ogulitsa akumasula mitolo, maminibasi akutenthetsa injini utsi uli tolotolo, ndipo anthu sanatope ndi tsiku.

Ndipo pali chifunga. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 m'mphepete mwa mapiri a Viphya, mvula yake imatalika mpaka Epulo ngakhale Meyi, ndipo m'nyengo yozizira m'mawa wambiri tauni imadzuka itafunda. Anthu amabisa kamera tsiku lotero, pamene ndilo tsiku limene Mzuzu umaoneka mosafanana ndi mzinda wina uliwonse m'Malawi. Chifunga chimabisa mawaya ndi zosokoneza za kutali, n'kusiya munthu mmodzi wa jekete ndi chipewa chaubweya akukankha njinga ya makala. Apa malangizo a thambo aja atembenuzeni: kamera ikaona zoyera zokhazokha imaganiza kuti kwawala kwambiri, imatseka, ndipo chifunga chimatuluka ngati phulusa. Kwezani kufika pa +2/3 kapena +1. Focus nayo imasakasaka osagwira, choncho ilozeni pa chinthu chakuda cha mphepete yooneka, monga pholo. Seputembala ndi Okutobala ndi miyezi yovuta kwa zithunzi za kutali chifukwa cha fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire. Zimenezo zisungireni m'mawa wotsatira mvula, mpweya utasambitsidwa. Tsiku lomwelo fufuzani zithaphwi. Tsitsani kamera kufika pafupifupi masentimita 20 kuchokera pamadzi, ndipo nyumba yonse idzagona m'chithaphwicho.

Za nyumba zogwa chagada n'zachidule. Zimachitika mukayandikira pa 18mm n'kupendeketsa kamera m'mwamba kuti denga lilowe. Bwererani kumbuyo, wolokani msewu ngati n'kotheka, ikani lensi pakati pa 35mm ndi 55mm, ndipo kumbuyo kwa kamera kuime chilili ngati khoma. Pansi pakachuluka mudzadula pambuyo pake. Yatsani mizere ya grid kuti ngodya ya nyumba itsatane ndi mzere. Ngati malo obwerera palibe, siyani danga lalikulu m'mbali zonse, chifukwa pulogalamu yokonzera zithunzi ngati Lightroom kapena Snapseed ikamawongola imadya m'mphepete. Kukwera pa khonde la m'mwamba la nyumba yoyang'anana nayo kumathetsa vutoli kotheratu. Pemphani mwini kapena mlonda, nenani kuti mutenga mphindi khumi, ndipo zikhaledi khumi.

Mawaya a magetsi musalimbane nawo kwambiri. Ndi mbali ya mzindawu. Onetsetsani chabe kuti waya kapena pholo silikutulukira pamutu pa munthu. Phazi limodzi kumanja kapena kumanzere limakonza zimenezo.

Kwa anthu oyenda, shutter (nthawi imene kamera imakhala itatsegukira kuwala) ikhale 1/250 ya sekondi. Kwa njinga ndi njinga zamoto, 1/500. Zithunzi zambiri za mumsewu zimafa chifukwa focus yagwira khoma la kumbuyo. Njira yozemba vutoli ndi iyi: lensi pa 24mm, f/8, sinthani kukhala MF (focus ya pamanja), ikani focus pa chinthu chimene chili mamita 4 kuchokera pamene mwaima. Tsopano chilichonse kuyambira mamita pafupifupi 2 mpaka kutali chidzatuluka chooneka bwino, ndipo inu mungodikira. Sankhani kaye khoma labwino ndi kuwala kwabwino, imani, munthu woyenera adzalowa yekha. Mukafuna kuti liwiro la sakaramento lioneke, tsitsani shutter kufika pa 1/30, mumutsatire ndi kamera potembenuza chiuno osati manja, dinani akafika patsogolo panu, ndipo musaime mutadina. Pa zithunzi makumi awiri, ziwiri zikatuluka bwino mwachita bwino.

Amayi a mumsika akukalipirani chifukwa simunawapatse moni, ndipo sakulakwa. Munthu ali pa bizinesi yake, mlendo n'kungomuloza chinthu osalankhula, akaganiza kuti nkhope yake ikagulitsidwa kapena ikasekedwa pa Facebook. Tsiku loyamba pitani kamera ili m'chikwama. Perekani moni wa kumeneko, "Monire mama, muli uli?", gulani tomato kapena chitenje, fotokozani kuti mukusunga mbiri ya mzinda. Mukafuna kujambula kwa nthawi yaitali, onanani ndi tcheyamani wa gawo limenelo. Wokana musamukakamize, nenani "Yewo" mupitirire. Wovomera muonetseni chithunzicho pa sikirini, ndipo ulendo wotsatira mubweretsereni chotsukidwa cha 4x6. Pepala limodzi limenelo limatsegula mzere wonse wa mabenchi, kuposa ndalama, zimene zimangochititsa kuti aliyense aime chowuma ngati pa chithunzi cha chiphaso. Funsaninso padera ngati akulola kuti chiikidwe pa intaneti, chifukwa kulola kujambulidwa si kulola kufalitsidwa. Ana musawajambule kholo lisanavomere. Manja owerenga chenji, mulu wa usipa, mapazi a wopalasa pa pedulo, zonsezi zimanena zambiri popanda nkhope.

Pali malo oti kamera isalozeko popanda chilolezo: Moyale Barracks, State Lodge, polisi, ndende ndi bwalo la ndege. Pa mabanki alonda amakhala tcheru. Ngati nyumbayo ikulowa m'chithunzi chanu chapafupi, yambani mwalankhula nawo. Wina akakuimitsani, tsitsani kamera, muonetseni zimene mwajambula, mufotokoze modekha. Drone musaiulutse m'tauni musanapeze chilolezo kwa oona za maulendo a pandege, makamaka poti bwalo la ndege la Mzuzu lili m'kati mwa mzinda momwemo.

Madzulo pali kanthawi kochepa kamene thambo limasanduka buluu wakuya magetsi a m'masitolo atayaka kale. Kuno mdima umagwa msanga, ndiye kanthawiko n'ka mphindi pafupifupi khumi, kuyambira mphindi 15 dzuwa litalowa. Mu Juni ndiye kuti 5:45 mukhale mwaima kale. Kamera pa tripod (choimikapo cha miyendo itatu), kapena pa kathumba ka nyemba kogonekedwa pa khoma. Ikani pa M (pamene zonse mumasankha nokha), ISO 100, f/11, masekondi 8 mpaka 15 kuti nyali za magalimoto pa raundabauti zijambule mizere yofiira ndi yoyera. Zimitsani IS (yochepetsa kugwedezeka) ya pa lensi, ikani timer ya masekondi awiri kuti chala chisagwedeze kamera. Mukamajambula pamanja pansi pa mababu a LED n'kuona mikwingwirima kapena mtundu ukusinthasintha, chifukwa chake n'chakuti magetsi athu ndi a 50Hz. Gwiritsani ntchito 1/50 kapena 1/100, pa 18mm, f/3.5, ISO 1600. Magetsi akazima musapakire: nyali za mafoni, makandulo a pa mabenchi ndi moto wa pa chiwaya cha tchipisi zimapereka kuwala kofunda kumene magetsi sapereka. Usiku muziyenda awiri, mmodzi maso pa kamera, wina maso pa chikwama.

Chinyezi cha Mzuzu chimadya malensi. Chuku chimamera m'kati mwa galasi ngati ulusi wa kangaude, ndipo chikakhazikika chithunzi chilichonse chimatuluka cha utsiutsi. Kamera ikanyowa ndi mawawa, ipukuteni, isiyeni pamtetete iume, kenako muisunge m'kontena ya pulasitiki yotseka bwino muli timapaketi ta silica gel, timene timabwera m'mabokosi a nsapato. Musaisiye milungu m'chikwama chotseka mu wadirobu. Galasi la foni lipukuteni musanajambule, chifukwa mafuta a zala ndiwo amachititsa nyali kutuluka ndi michira, ndipo m'malo mofutukula chithunzi ndi zala, yandikirani ndi mapazi.

Zithunzi zakale za Blantyre zimene anthu amakaona ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House zimathandiza kwambiri pamene pali tsiku ndi dzina la malo. Zanunso zikhale choncho. Fayilo iliyonse iyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, kenako malo ndi kumene munaloza, monga 2025-06-14 Clock Tower kumpoto. Sungani makope awiri m'malo osiyana, lina pa hadi dirayivu, lina pa intaneti. Potumiza pa WhatsApp sankhani Document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa n'kutaya tinthu ting'onoting'ono monga zilembo za pa zikwangwani. Chaka chilichonse tsukitsani zithunzi khumi ndi ziwiri zabwino koposa, ndipo kumbuyo kwake mulembe ndi pensulo yofewa ya 2B, osati bolopeni, chifukwa inki imalowerera n'kudetsa chithunzi chimene chagona pansi pake.