Yankho kwa mayi amene afunsa za taekwondo ndi ndalama ya lamba

Mayi, funso lanu ndinaliona usiku koma foni inali itatha moto, ndiye ndikuyankha m'mawa uno. Mwati mwana wanu wamkazi wa zaka 11 wakhala akuchita taekwondo kwa miyezi itatu kuno ku Salima, tsopano aphunzitsi akuti abweretse ndalama ya mayeso kuti asinthe lamba, ndipo inu mukukayikira kuti mwina ndi njira yongodyera makolo. Mwafunsanso ngati masewerawa sangamusandutse wandewu. Ndaona ena pamwambapa akuti mumuchotse msanga, ena akuti ingolipirani. Ine ndinayamba masewerawa ndili wamkulu kale, chino ndi chaka changa cha 7, ndipo Loweruka m'mawa ndimathandiza kuphunzitsa ana ang'onoang'ono pa kalabu yathu. Mundilole nditalikitseko pang'ono.

Ndalama ya mayeso payokha si kuba. Kwathu woyesa amachokera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndipo amafunika thiransipoti yobwerera ndi yopitira komanso chakudya. Lamba watsopano amagulidwa, satifiketi imasindikizidwa, eni holo nawo amafuna yawo tikaigwiritsa ntchito tsiku lonse. Mphunzitsi wachilungamo mukamufunsa kuti ndalamayi ikupita kuti, amakuwerengerani osakwinya nkhope. Chimene inu muyenera kufufuza ndi china: kodi mwana akulipira kuti ayesedwe, kapena akulipira kuti apatsidwe lamba? Ndisanafike pa kalabu yomwe ndili panoyi ndinakhalako miyezi ingapo kwina, sinditchula, kumene aliyense wolipira ankakhoza. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anauzidwapo kuti dikira kaye. Mnyamata wina anavala lamba wabuluu asakutha ngakhale kuimirira ndi mwendo umodzi. Kumeneko ndiye kunali kugulitsa nsalu. Choncho afunseni aphunzitsiwo mwaulemu kuti, pa mayeso apitawa, alipo amene anabwezedwa? Yankho lawo likuuzani zambiri kuposa zonse zimene ndilembe pano.

Malambawo amayenda chonchi. Woyamba kumene amavala woyera, ndipo amakhala pa sitepe yotchedwa kup 10. Manambala amatsika, kup 9, kup 8, mpaka kup 1, kwinaku mtundu wa lamba ukusintha: wachikasu, wobiriwira, wabuluu, wofiira. Makalabu ambiri amaika kamzere ka mtundu wotsatira kunsonga kwa lamba ngati sitepe yapakati, ena amawonjezera mitundu yawoyawo, ndiye musadabwe mukaona mwana wa kalabu ina atavala mtundu umene kwanu kulibe. Akadutsa kup 1 m'pamene amafika pa lamba wakuda, ndipo manambala amayamba kukwera, dan 1 mpaka dan 9. Mwana wanu, ngakhale atalimbikira bwanji, sangapatsidwe dan asanakwanitse zaka 15. Ana amapatsidwa yotchedwa poom, lamba wake theka lofiira theka lakuda, ndipo imadzasinthidwa kukhala dan akakula. Malamba a mitunduwa ndi nkhani ya pa kalabu, koma wakuda amalembetsedwa ku Kukkiwon, likulu la taekwondo lomwe linatsegulidwa ku Seoul mu 1972, ndipo satifiketi yake imakhala ndi nambala. Mphunzitsi wa mwana wanu ngati ali wa mbali ya Kukkiwon, asachite manyazi kukuonetsani yake. Kwathu amene amabwera katatu pa sabata osajomba zimamutengera zaka zitatu kapena zinayi kuti afike pa wakuda, ambiri timapitirira apo. Wina akakulonjezani kuti chaka chimodzi chokha mwana avala wakuda, gwirani chikwama chanu bwino.

Apa ndiwongolereko achimwene amene alemba kuti iyi ndi karate ya ku China. Karate ndi ya ku Japan, taekwondo ndi ya ku Korea, ndipo dzinali linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1955. Pali mabungwe awiri akuluakulu: International Taekwon-Do Federation (ITF), yomwe anayambitsa General Choi Hong Hi mu 1966, ndi World Taekwondo ya mu 1973, yomwe ndi imene imapita ku Olimpiki. Taekwondo inaonetsedwa koyamba pa Olimpiki ya ku Seoul mu 1988, n'kudzakhala ya mamendulo ku Sydney mu 2000. Zimene ndikufotokoza pano ndi za mbali yachiwiriyi, chifukwa ndi imene ndimachita.

Pa tsiku la mayeso, mwana wa lamba woyera safunsidwa zoopsa. Aonetse kaimidwe, kutchinga kwa mitundu itatu, pansi, pachifuwa ndi kumutu, nkhonya yolunjika, ndi kumenya ndi mwendo kutsogolo, komwe timati ap chagi. Awerenge m'Chikoreya mpaka 10, hana, dul, set, net, ndi zinazo, ndipo amve akamuuza charyeot kuti aimirire njo, kyeongnye kuti awerame, sijak kuti ayambe. Akamakwera amayamba poomsae, womwe ndi mndandanda wa mayendedwe oloweza pamtima, ngati munthu akulimbana ndi adani osaoneka ochokera mbali zonse. Ma poomsae a malamba a mitundu, otchedwa Taegeuk, alipo 8, ndipo wolimbayo si woyamba, ngakhale ana amalira nawo chifukwa chosokoneza kumanja ndi kumanzere. Okulirapo amamenyana awiriawiri atavala zodzitetezera, ndipo a malamba apamwamba amathyola matabwa. Mwana wanuyo matabwa akadali nawo kutali, musade nkhawa ndi timanja take.

Ine ndinabwezedwapo kamodzi, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimagwa nkhope. Ndinali kuyesedwa pa Taegeuk yachisanu. Kunyumba ndinkaichita ngakhale m'tulo, koma tsiku limenelo, anthu atakhala chete holo yonse, ndinatembenukira kolakwika n'kupezeka ndikuyang'ana khoma anzanga akuyang'ana kutsogolo. Mutu unangoti balala. Ndinatsonya, n'kuchoka pabwalo osawerama, osadikira kuti woyesa anene kanthu. Madzulo aphunzitsi athu anandiitana padera. Anandiuza kuti kusokonezako akanandipatsa mwayi wobwereza, monga anachitira ndi kamtsikana kena kamene kanalakwitsa kawiri koma kanaimirira pomwepo n'kupempha kuyambiranso. Chimene chinandigwetsa ndi kutsonya kuja ndi kuchoka kuja. Ndinadikira miyezi ina inayi, bambo wa ana awiri, ndikufola kumbuyo kwa ana asukulu amene anandidutsa, chifukwa mu taekwondo timafola potengera lamba, osati ndevu. Ndalama yanga ya mayeso sinabwezedwe, ndipo sindinaifunse.

Za ndewu ndinene zoona. Taekwondo si mankhwala oti mwana akangomwa wasintha khalidwe. Imaphunzitsa kumenya, ndipo mwendo wa mwana wophunzitsidwa umapweteka. Tinali ndi mnyamata wina amene anakayesera dollyo chagi, kumenya kozungulira kuja, pa mnzake kusukulu atakanganirana mpira. Nkhani itafika, aphunzitsi anamuvula lamba pamaso pa tonse n'kumusunga m'chikwama mwawo miyezi iwiri. Ankabwerabe kudzaphunzira, koma wopanda lamba, kumapeto kwa mzere, ndipo anapita ndi makolo ake kukapepesa. Kalabu imene imamva nkhani yotere n'kuseka, kapena kumutama mwanayo kuti ndi dolo, muithawe. Koma zimene ndaona kawirikawiri ndi zosiyana ndi mantha anuwo. Mwana amene wamenyedwapo pachifuwa ndi mnzake wamng'ono kwa iye, n'kudzuka, n'kuwerama, n'kugwirana naye chanza, chidwi chofuna kudzionetsa pamsewu chimachepa. Amadziwa kale mmene zimawawira.

Ndipo kumenyana kwa pabwalo kuli ndi malamulo okhwima. Nkhonya kumaso n'zoletsedwa, kumenya kunsi kwa lamba n'koletsedwa, kugwira kapena kumenya amene wagwa n'koletsedwa, ndipo wolakwa amapatsidwa chilango chotchedwa gam-jeom. Pa mipikisano ya akuluakulu amachita zigawo zitatu za mphindi ziwiriziwiri. Nkhonya pachifuwa ndi pointi 1, mwendo pachifuwa 2, mwendo kumutu 3, ndipo ukamenya motembenuka amawonjezera. Ana ang'onoang'ono kwathu sitiwalola n'komwe kulunjika kumutu. Zovulala zimene timaona kwambiri ndi matuza kuphazi chifukwa cha simenti, zala zakumiyendo zobinya, ndi zikhadabo zokanda anzawo. Muziwenga zikhadabo za mwanayo sabata iliyonse, mudzathandiza ambiri.

Wina wafunsa m'munsimu ngati kuwerama kuja si kupembedza. Funso limeneli timalilandira chaka chilichonse, kuchokera kwa makolo a ku tchalitchi ndi a ku mzikiti omwe. Ndi ulemu chabe, monga mwana wa kwathu amagwadira popereka madzi kwa agogo kapena kulandira chinthu ndi manja awiri. Palibe pemphero lililonse. Amene mtima wawo sukuwalola kuwerama kwambiri, kwathu amangogwedeza mutu ndipo palibe amene amawanena. Atsikana achisilamu amachita atavala mpango wawo. Hedaya Malak wa ku Egypt anapata mendulo ya bronze ku Rio mu 2016 ndi inanso ku Tokyo atavala hijabu. Poti wanuyo ndi mtsikana, mumuonetsenso pa YouTube Ruth Gbagbi wa ku Côte d'Ivoire, nayenso ali ndi mamendulo awiri a Olimpiki. Mnzake wa dziko lomwelo, Cheick Sallah Cissé, anatenga golide ku Rio pomenya Lutalo Muhammad wa ku Britain pa sekondi yomaliza yeniyeni. Kanema ameneyo ana athu amuonera mpaka kumuloweza.

Koma chimene chandisunga ine zaka zonsezi si malamba kapena mamendulo. Kalabu yathu ndi yosauka. Zotchinga pachifuwa zija, hogu, tili nazo zinayi zokha, ziwiri zofiira ziwiri zabuluu, ndipo timalandizana zili zonyowa ndi thukuta la mnzako. Amene wafika msanga amasesa, kaya ndi wa lamba wakuda kaya woyera. Yunifolomu, yomwe timati dobok, mwana akaikula saitaya, imachapidwa n'kupatsidwa wina amene makolo ake sangakwanitse, ndipo ina yavalidwa ndi ana atatu otsatizana, mawondo ake ndi zigamba zokhazokha. Zina anatisokera telala wa ku Kamuzu Road atangoonera yakale. Mayeso akayandikira timachita kachipereganyu kuti mwana wokonzeka asatsale chifukwa cha ndalama, ndipo amene wathandizidwa satchulidwa pagulu. Mnzathu wina wa kabaza, lamba wofiira, tikaweruka kutada amanyamula ana awiri okhala kutali osawalipiritsa. Bambo a mmodzi wa atsikana athu atamwalira, anyamata a kalabu anakagona pamaliro, anawaza nkhuni, atsikana anatunga madzi, ndipo palibe amene anachita kuwauza.

Mwezi wa Okutobala, mukudziwa nokha mmene Salima amawotchera, timasiya zamasana n'kumayamba mbandakucha kapena dzuwa litapendeka, ndipo aliyense abwere ndi botolo lake la madzi. Nthawi ya Ramadan anzathu osala amachita zopepuka, poomsae ndi kuwongola thupi, zothamanga n'kuzisiya kaye. Nthawi zina timasonkha ya galimoto n'kupita ku Senga Bay kukachita pamchenga. Amene sanayesepo kukweza mwendo pamchenga wofewa asaseke, mphindi khumi zokha ntchafu zimakhala zikuyaka. Tikatha timalowa m'madzi ndi ma dobok omwe, kenako mayi wina amatsegula chigubu cha thobwa. Ana ena amapirira chaka chonse chifukwa cha tsiku limenelo basi.

Ndiye musanalipire, mayi, pitani mukaonerere tsiku limene sakukuyembekezani. Musayang'ane kwambiri amene akukweza mwendo mpaka kumwamba, yang'anani mmene akuluakulu akuchitira ndi mwana watsopano amene akusokoneza chilichonse. Kodi akumuseka, kapena wina wachoka pamzere wake kukamuimika bwino? Muonenso ngati mphunzitsi amamenya ana monga chilango. Kudumpha kapena kuthamanga mozungulira holo n'zachizolowezi, koma khofi kapena ndodo ayi. Ndipo poti ndi mtsikana, izi musachite nazo manyazi: chitseko chizikhala chotsegula, asamatsale yekha ndi mphunzitsi anzake ataweruka, ndipo pa ulendo uliwonse wa ku mpikisano pazikhala mayi wamkulu woperekeza. Mphunzitsi wabwino amayamba yekha kunena zimenezi inu musanafunse.

Mukafika kunyumba mumuuze mwanayo akuonetseni pabwalo zimene akukayesedwa. Ngati akutha kutchinga katatu kaja osayang'ana pansi, akuwerenga mpaka 10, ndipo akufuula kihap, mfuu ya pomenya, osaseka, miyezi itatu yakwana, mulipireni. Ngati akudodoma, palibe cholakwika kupempha aphunzitsi kuti adikire mayeso otsatira. Tsiku la mayesolo mudzapite, mudzakhale kumbuyo, ndipo akadzasokoneza musadzamukuwire mayankho, chifukwa mayi wina anatero chaka chatha ndipo mwana wake anatembenuka kuyang'ana iwo m'malo moyang'ana woyesa.