Kukwirira galu pakhomo ndi kusunga chikumbutso chake

Pepani kwambiri mayi, galu woti mwakhala naye zaka 12 ndi wapabanja ndithu. Mwafunsa ngati mungamukwirire pakhomo panu ku Chilomoni, komanso mmene mungamakumbukirire iyeyu ndi agalu ena amene munawetapo.

Ngati malowo ndi anu, n'zotheka. Dzenje likhale lakuya mita imodzi kapena kuposerapo. Kumapiri ngati kwanuko nthaka ndi yamiyala, ndiye bwerekani piki, khasu lokha likugwetsani ulesi. Kumbani kutali ndi chitsime, ndipo pasakhale podutsa madzi a mvula, chifukwa dzinja likafika dothi limakokoloka. Mukulungeni m'chitenje kapena m'chiguduli, osati m'pulasitiki, imachedwetsa kuwola. Wazani laimu pang'ono, kwirirani, kenaka sanjani miyala yolemera pamwamba. Dzenje losaya agalu oyendayenda amafukula usiku womwewo, ndipo ngati adokotala a ziweto anachita kumubaya jakisoni woti afe mosamva ululu, mankhwala aja amatha kupha nyama imene yadya mtembowo.

Koma ngati asanafe ankatuluka dovu n'kumaluma chilichonse, musamugwire ndi manja. Itanani alangizi a ziweto msanga, chingakhale chiwewe.

Lamba wa m'khosi muchapeni, aume bwinobwino musanamusunge, apo ayi achita nkhungu. Zithunzi za m'foni kazitsukitseni ku Limbe kapena m'tauni, koma muzikopere ndi chingwe, chifukwa za pa WhatsApp zimatuluka zosawala. Kuseri kwa chilichonse lembani dzina la galu ndi zaka zimene anakhala nanu. Mukafuna mtengo, wa mango kapena wa mapeyala, bzalani chapambali pa dzenjelo, osati pamwamba penipeni, poti pamenepo dothi limatitimira.